Mphindi Khumi ndi Zisanu za Foni ya ku Ndende

Ndisanabwere ku Dubai ndinalemba nkhani za m'makhoti ku Blantyre kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkakhala pa benchi ya kumbuyo ndi kabuku kanga, kulemba za akuba mbuzi, mikangano ya malire a minda, ndi anthu olumbira kuti chamba chimene anapezeka nacho chinali cha msuweni wawo. Kuno ndimakhala m'kachipinda ka alonda pa nyumba yosungiramo katundu ku Dubai Investments Park, kuyang'ana makamera ndi kulemba malipoti. Lole yalowa nthawi yakuti, yatuluka nthawi yakuti, geti lachitatu silikutsekeka bwino. Abwana amawakonda malipotiwo chifukwa ndi aafupi. Amalawi anzanga a pa kampu ya antchito imene timagona amati ndimayankhulanso ngati lipoti, ndipo ponena zimenezi sakhala akundiyamikira.

Mbiri yoti ndinkalowa m'khoti tsiku lililonse inafika kuno itakula. Pa gulu lathu la Amalawi ndinangosanduka loya. Anthu ankandibweretsera makontilakiti, makalata a chenjezo ochokera kwa mabwana, ngakhale mapepala a kuchipatala. Ndinkakana kuti si ine loya, koma kukanako ankakutenga ngati kudzichepetsa kwa munthu wophunzira kwambiri.

Amene ankafalitsa kwambiri mbiriyi anali a tcheyamani a gululo, bambo achikulire oyendetsa basi ya antchito a pa hotela ina. Anakhala kuno nthawi yaitali kuposa tonsefe, ndipo zaka zonsezo zinawaphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: pepala lopanda chidindo si pepala. Setifiketi ya sukulu, ya ukwati, ya ubatizo, chilichonse iwo anachidinditsa. Ankayenda ndi chikwama cha pulasitiki chodzaza ndi mapepala awo, ndipo ankachitsegula mosamala ngati munthu amene akuvundukula khanda.

Lamlungu lina ananditumizira uthenga kuti tikumane ku Al Muraqqabat, pa kalesitilanti kena kamene timakonda kumwerapo tiyi wa karaki, wamkaka wambiri uja. Ndinawapeza ali ndi mayi wina wa ku Machinga, wazaka za m'ma makumi anayi, atavala mpango wabuluu. Mayiyu ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Jumeirah Village Circle, ndipo Lamlungu ndilo linali tsiku lake lopuma, kuyambira naini koloko m'mawa mpaka sikisi madzulo. Tonse tinkawatchula achemwali, choncho nanenso ndiwatchula choncho.

Nkhani yawo, nditaichotsa misozi ndi mayina a achibale, inali iyi. Mlongo wawo wamng'ono, amene anamulera okha makolo atamwalira, anapita ku Amerika n'kukhala dalaivala wa lole. Apolisi anapeza mankhwala ozunguza bongo m'katundu amene ananyamula. Poti loleyo inadutsa malire a zigawo, mlandu unakhala wa boma lalikulu la dzikolo, ndipo ndende yakenso ndi ya boma lalikulu. Loya wake anamulangiza kuti avomere mlandu, iye anavomera, ndipo chilango chinatuluka chachikulu kuposa chimene loyayo anamuuza. Ali m'ndende analemba pempho kwa jaji yemweyo loti chigamulo chifafanizidwe chifukwa loya anamusocheretsa. Jaji anakana. Chotsala chinali apilo ku khoti lalikulupo.

Ndinafunsa chimene ankafuna kwa ine. A tcheyamani anati nkhani anaikambirana kale, ndipo njira inali yodziwikiratu. Munthu akalakwira akuluakulu, abale ake amapita kukapepesa. Poti ku Amerika n'kutali, tipepesa pa kalata. Kalatayo ndilembe ine m'Chingerezi cha m'khoti, iwo akaidinditsa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa m'nyuzipepala anatiphunzitsa kuti cholakwa chako uzichilemba wekha asanachilembe ena. Achemwali anali ndi envulopu ya mapepala a khoti amene mlongo wawo anawatumizira. Ndinaitsegula, ndinaona masamba khumi ndi anayi a zilembo zing'onozing'ono, ndinagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa, n'kuitsekanso. Mtima wanga unali kale pa kalata. Panali patadutsa zaka ndisanalembe chilichonse chotalika kuposa lipoti la geti.

Kalatayo inatenga Malamlungu awiri. Inayamba ndi kufunira jaji moyo wautali pamodzi ndi banja lake. Inafotokoza kuti mnyamatayo anali womvera kuyambira ali mwana, kuti ankatsogolera anzake ku madrasa, kuti sanabepo ngakhale mango. Achemwali anaumirira kuti tilembemo zoti anathyoka dzanja ali Sitandade 4 koma sanalire. Ine ndinkadula, iwo ankabwezeretsa. A tcheyamani anawonjezera ndime yothokoza boma la Amerika chifukwa chomusunga bwino mwana wathu. Pomaliza inakwana masamba asanu ndi limodzi, ndipo pansi pake panasaina Amalawi makumi awiri ndi atatu, ndi Mzambiya mmodzi amene anati sangaphonye zinthu za mbiri ngati zimenezi.

Kenako a tcheyamani anayamba ulendo wa zidindo. Ankagwiritsa ntchito maola a masana pamene basi yawo imakhala itaima. Ofesi ina inawauza kuti sidinda makalata a mtundu umenewo, iwo anamva kuti akufunika kubwera ndi fotokope. Ina inati kalatayo imasuliridwe kaye m'Chiarabu, ndipo inamasuliridwa, ngakhale kuti jaji wake anali wa ku Amerika. Womasulirayo anadinda chidindo chake, chozungulira, chofiirira. A tcheyamani anachijambula n'kuchitumiza pa gulu lathu la pa foni, anthu n'kumayankha ndi timanja towomba. Pomaliza ulendowo kalatayo inali ndi zidindo zinayi.

Lamlungu lachinayi tinakumana pa shopu ina yolembera ndi kujambula mapepala ku Al Muraqqabat komweko, kuti tipange makope a zonse tisanatumize. Makina anali ochedwa. Poti ndinalibe chochita, ndinayamba kuwerenga masamba a chigamulo cha jaji pamene ankatuluka amodziamodzi, akadali ofunda. Pa tsamba lomaliza panali deti. Ndinatulutsa foni n'kufufuza malamulo a apilo a makhoti amenewo, chinthu chimene ndikadachita tsiku loyamba lija.

Ndinapeza zinthu zitatu. Choyamba, mkaidi amene pempho lake lakanidwa ali ndi masiku makumi asanu ndi limodzi oti apereke chidziwitso chakuti akuchita apilo. Chachiwiri, chidziwitsocho ndi kapepala kakafupi kosainidwa ndi iye mwini, ndipo kamawerengedwa kuti kaperekedwa tsiku limene wakaponya m'bokosi la makalata la ndende. Chachitatu, khoti la apilo limayang'ana zimene zinali pamaso pa jaji woyamba, silimawerenga za dzanja lothyoka ku Sitandade 4. Ndinawerenga masiku pa kalendala kawiri. Anali atadutsa makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Anatsala khumi ndi awiri.

Nditawauza, a tcheyamani sanatekeseke. Anati iwo m'dziko lino aona zambiri, ndipo sanaonepo pepala la zidindo zinayi likubwezedwa chifukwa chochedwa. Achemwali anangokhala pa mpando wa pulasitiki umene unali pafupi ndi makinawo, envulopu ili pa miyendo.

Ndinawafunsa ngati mlongo wawo anapereka kale kapepalako. Anati sakudziwa. Ndinafunsa kuti amati chiyani akaimba foni. Anati ali bwino, akupereka moni kwa onse.

Mkaidi wa kumeneko sungamuimbire, amaimba yekha, ndipo foni iliyonse imaduka yokha ikakwana mphindi khumi ndi zisanu. Iye ankaimba kamodzi pa sabata, Lamlungu folo koloko madzulo nthawi ya kuno, ku Amerikako kutangocha kumene. Tsiku limenelo ndinapempha kuti ndimvere nawo. Tinakhala pakona ya lesitilanti ija, foni ili pa tebulo pakati pa makapu, mawu atakwezedwa. Ine ndinavula wotchi n'kuiika pambali pa kabuku.

Kabukuko ndikadali nako. Salamu ndi kufunsana za m'mene adzukira zinatenga mphindi imodzi ndi theka. Za thanzi la achemwali, kuphatikizapo msana, mphindi ziwiri. Kenako anayamba kuyenda mudzi wonse wa ku Machinga khomo ndi khomo. Azakhali aakulu, miyendo yawo. Azakhali aang'ono, denga lawo. Amalume amene anapita ku Joni. Mwana wa msuweni amene wayamba kukwawa. Pa dzina lililonse mnyamatayo ankati alihamdulila, kapena pepani, malinga ndi nkhani yake, ndipo achemwali ankadikira kuti amalize asanapite khomo lotsatira. Pa mphindi ya khumi ndi chiwiri anafika pa mvula. Pa ya khumi ndi chitatu a tcheyamani anawerama n'kupereka moni wa gulu lonse. Pa ya khumi ndi chinayi kunamveka kabelu kochenjeza, ndipo mnyamatayo anati, "Achemwali, za nkhani ija ndimati..." Foni inaduka.

Achemwali anati zimatero sabata iliyonse. Amati akangofika pa nkhani ija, anthu a ndende amadula, kaya ndi nkhanza kaya n'chiyani. Iwo anali otsimikiza kuti nkhani ijayo ndi kalata yathu, ndipo mwana akufunsa kuti ifika liti.

Ndinawaonetsa kabukuko. Anawerenga manambala onse, n'kundiyang'ana ngati ndawajambula akusamba. Anandifunsa ngati kwathu ku Blantyre anthu amayamba nkhani asanadziwe ngati mnzawo wadzuka bwino. Ndinati ayi, koma ku Blantyre foni siduka pa mphindi khumi ndi zisanu. Anati munthu ali m'ndende, chimene chimamusunga ndi kumva kuti abale ake alipo. Ankanena zoona. Ndinangowakumbutsa kuti Lamlungu lotsatira lidzakhala tsiku la makumi asanu ndi chisanu, ndipo likadzadutsa limenelo sipadzakhalanso Lamlungu lina mkati mwa masiku aja.

Sabata imeneyo inali yaitali. Ndinadula makatoni atatu ku ntchito n'kulembapo mafunso ndi cholembera chakuda chimene timalembera pa mabokosi. Wapereka chidziwitso cha apilo? Ngati ayi, chifukwa chiyani? Ukufuna chiyani kwa ife? Pa katoni yachinayi ndinalembapo manambala osonyeza mphindi zotsala. Mnzanga wa ku Nepal amene timagwira limodzi anafunsa ngati ndikupita kukachita zionetsero, n'kundichenjeza kuti kuno sizololedwa.

Lamlungu tinakumana thuu koloko kuti tiyeserere. A tcheyamani anatenga mbali ya mkaidi. Anaika dzanja kukhutu, anatsokomola, n'kuyamba kufunsa achemwali za msana. Achemwali anayankha bwinobwino. Nditawaimitsa panali patadutsa mphindi zinayi, ndipo onse awiri anadabwa, akuti anali asanayambe n'komwe moni weniweni. Tinayesanso katatu. Ulendo wachitatu achemwali anakwanitsa kufika pa funso loyamba m'masekondi makumi awiri, koma anati akumva ngati wapolisi, ndipo anapempha madzi.

Folo koloko itangodutsa foni inalira. Mawu a makina ananena m'Chingerezi kuti foniyi ikuchokera ku ndende, achemwali anadina nambala yovomera. Ndinakweza katoni yoyamba.

"Salamu aleikumu," anatero achemwali, maso ali pa katoni. "Iwe, wapereka chidziwitso cha apilo?"

Pa foni pankangomveka phokoso la anthu ndi zitseko zachitsulo. Kenako mnyamatayo anafunsa ndi mawu otsika kwambiri, "Achemwali, wamwalira ndani?"

Zimenezi sindinaziganizire. Kwa zaka zinayi mlongo wake sanayambepo foni popanda azakhali, ndiye kwa iye tanthauzo lake linali limodzi basi. Achemwali anati palibe amene wamwalira. Iye sanakhulupirire. Anayamba kutchula mayina yekha, azakhali aakulu, azakhali aang'ono, amalume a ku Joni, achemwali n'kumayankha kuti alipo, alipo, alipo. Tinayenda mudzi womwe uja, kungoti ulendo uno mothamanga. Zinatidyera mphindi zitatu. A tcheyamani anandiyang'ana ndi nkhope ya munthu amene wapambana mlandu.

Ndinagwedeza katoni ija. Achemwali anafunsanso. Mnyamatayo anati ayi, sanapereke. Ndinakweza yachiwiri.

Anafotokoza mwachangu, ngati munthu amene wakhala akuyeserera nayenso. Kapepalako kanali kolembedwa kale. Mkaidi mnzake wodziwa za malamulo, amene amakhalira ku laibulale ya ndende, anamuthandiza kukalemba sabata yomwe chigamulo chinafika. Kanali m'kabati yake, m'envulopu, sitampa ya positi itamatidwa. Chimene chinatsala ndi siginecha. Mnzakeyo ankamukalipira tsiku lililonse, mpaka anasiya kumuyankhula.

"Nanga bwanji sukusaina?" anafunsa achemwali. Funso limeneli silinali pa katoni.

"Munandiletsa ndinu, achemwali. Nditavomera mlandu uja osakuuzani, munati ndisadzasainenso pepala lililonse la khoti musanavomereze inu. Ndimadikira mawu anu."

Pambuyo pake achemwali anandiuza kuti mawuwo anawanenadi, akulira, tsiku limene anamva za chilango, ndipo anali atawaiwaliratu. Mnyamatayo sanawaiwale. Sabata iliyonse ankadikira kuti amalize za kumudzi kuti apemphe chilolezo, chifukwa munthu amene anakulera sumudula pakamwa ali pakati pa azakhali. Za kalata yathu ya masamba asanu ndi limodzi ankangomva kuti ikudindidwa, ndipo ankaganiza kuti ndi njira ina imene akuluakulu asankha m'malo mwa apilo yake.

Chimene chinatsatira sichinali m'mapulani anga. Achemwali anayamba kumukalipira. Anamufunsa ngati mutu wake ukugwira ntchito. Anamufunsa kuti pamene ankamuletsa kupita ku Amerika anamvera bwanji, pamene ankamuletsa kusiya sukulu anamvera bwanji, kuti lero asankhe kumvera pa chinthu chimodzi chokhachi chimene chingamusiye m'ndende. Iye ankangoti pepani achemwali, pepani. Ine ndinakweza katoni ya manambala, chala chili pa folo. Sanandione. Ndinaisuntha kuti ikhale pakati pa nkhope yawo ndi foni. Anaikankha ndi dzanja, koma anasiya kukalipa.

Anakonza mpango. Mawu awo anasintha, anakhala a munthu amene akuyankhula pa bwalo.

"Tamvera. Ine mlongo wako ndavomera. Ukachoka pa foni pano, pita ukasaine, ukaponye m'bokosi lero lomwe. Usadye kaye. Wamva?"

Anati wamva. Anamuuza kuti abwereze, ndipo anabwereza. Panatsala mphindi ziwiri, ndipo a tcheyamani, amene anakhala akudzigwira nthawi yonseyi, anawerama n'kufunsa kuti nanga kalata ya gulu itumizidwe ku adiresi iti. Mnyamatayo anathokoza kwambiri, anathokozanso onse amene anasaina, n'kunena mwaulemu kuti mnzake uja akuti khoti la apilo silingaiwerenge, choncho ndi bwino aisunge kaye. A tcheyamani anati mnzakeyo sanaone zidindo zake. Foni inaduka akufotokoza za chofiirira chija.

Tinakhala pamenepo kanthawi, tiyi atazizira. Achemwali anayang'ana nthawi, anati yala, kutanthauza tiyeni m'Chiarabu, madamu akudikira, n'kunyamuka kuthamangira sitima ya metro. A tcheyamani anabweza kalata m'chikwama cha pulasitiki, pakati pa setifiketi yawo ya ukwati ndi ya galimoto. Kwa mwezi wathunthu sananditchulenso loya, zimene ndinazilandira ndi manja awiri.

Lamlungu lotsatira mnyamatayo ananena kuti anaponya kapepalako tsiku lomwe lija, wolondera atalemba deti pa envulopu. Ananena zimenezi pa mphindi yoyamba. Khumi ndi zinayi zotsalazo zinapita kwa azakhali, ndipo sindinatulutse wotchi.

Makhoti a kumeneko sathamanga kuposa a kwathu. Panadutsa miyezi yambiri. Pa milandu ya mtundu umenewu, kupereka chidziwitso si kupambana. Pamafunikanso kuti khoti livomere kuti pali nkhani yoyenera kumvedwa, ndipo likhoza kukana. Mnyamatayo anadandaula zinthu zitatu. Khoti linakana ziwiri n'kuvomera kumva chimodzi, cha malangizo a loya uja. Pamene ndikulemba pano akadali m'ndende, apilo sinagamulidwe, ndipo palibe amene angalonjeze kuti idzatha bwanji. Achemwali amati inshala, ine ndimati tidikire chigamulo.

Uthenga wa kuvomerako unabwera ndi mapepala ena ofunika kusaina, nawonso ali ndi tsiku lake lomalizira. Lamlungu limenelo achemwali anatiitana tonse awiri, akuti akufuna mboni. Foni italira, mnyamatayo anapereka salamu, ananena nkhani yabwinoyo, kenako anayamba kuzungulira, kuti pali timapepala tina, kuti ngati achemwali angalole. Iwo anamudula, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Pano pali a tcheyamani ndi a mtolankhani, amve onse. Lamulo lija ndalichotsa. Pepala lililonse la khoti uzisaina wekha, usandidikirenso ine."

Mnyamatayo anathokoza. Anafunsa, mwina pofuna kutsimikiza, ngati zimenezi zikutanthauza mapepala onse.

"A khoti okha," anatero achemwali. "Ukadzatuluka n'kupeza pepala la ukwati, limenelo ubwere nalo kuno ndiliwerenge kaye."